Msana unkandiwawa: me dolía la espalda

Ndimanyamula alendo pa galimoto kuchokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, ndipo chaka chino ndayamba kuphunzira Chisipanishi madzulo ndikaweruka. Amene anandiyambitsa ndi agogo ena aakazi a ku Valencia. Titafika cha pa Jumbe anandikodola kuti ndiime, dzanja lili pamsana, nkhope itakwinyika. M'mawa mwake ndinapita kukawazonda, monga timachitira kwathu kuno. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ayer me dolía mucho, hoy no." Ndinatolapo "no" yekha, ndipo zinandikhudza kuti munthu wamkulu akundiuza za thupi lake ine osamva.

Mneni wake ndi doler, kuwawa. Sabata yonse ndinkavutika naye chifukwa buku langa limafotokoza m'Chingelezi. Tsiku lina ndinangoyesa kumuika m'Chichewa, basi zonse zinamasuka. "Me duele la cabeza" ndi "mutu ukundiwawa" ndendende. Chochita ndi mutu, munthu akungolandira ululuwo, ndipo "me" uja ndi "ndi" wathu wa pakati pa liwu. Olankhula Chisipanishi nawonso sanena "mutu wanga", amangoti la cabeza, poti mwini mutu wadziwika kale.

Nthawi yakale ndiye inandisangalatsa kwambiri. Mwa njira zawo pali ziwiri zimene ifenso tili nazo. Ululu wobwera kamodzi n'kutha, monga jakisoni kapena minga, amati me dolió: zinandiwawa. Ululu wokhalitsa kapena wobwerezabwereza amati me dolía: unkandiwawa. Ndi "na" ndi "nka" wathu yemweyu! Agogo aja anasankha dolía chifukwa msana unawazunza ulendo wonse, sunangowabaya kamodzi ayi. Zowawazo zikachuluka mneni amatsatira: me dolieron los pies, mapazi anandiwawa, me dolían, ankandiwawa.

Pamene ndinkaphonya ndi pa "ue". M'kope langa ndinalemba duelió kangapo, koma liwu limenelo kulibe. "O" amasanduka "ue" pokhapokha mphamvu ya mawu ikagwera pa iyeyo, ngati mu duele. Mu dolió ndi dolía mphamvu yasamukira kutsogolo, ndiye "o" amakhala momwemo.

Tsopano pa dashibodi ndamatapo kapepala ka funso limene ndinalisowa m'mawa uja: "¿Todavía le duele?" Kodi ukukuwawanibe? Ndi "le" waulemu, woyenera agogo.