Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: mutu umene unandigwetsa Lamlungu

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito ya shifiti ya usiku, uku masana ndikupita ku kalasi. Nde apa mpomwe ine ndi tulo tinasanduka adani.

Poyamba anali khofi basi, makapu awiri, kenako anayi, kenako ndinadziwa kuti kuli mapilisi a caffeine (kanthu ka mu khofi kamene kamathamangitsa tulo) a 200 mg, ndimkameza limodzi cha m'ma 10 usiku lina cha m'ma 2 pamwamba pa khofi uja, ndipo m'maganizo mwanga ndimkati zinthuzi zikuthamangitsira magazi ku ubongo nchifukwa chake maso ali gwa. Mtima umkagunda, manja kunjenjemera pang'ono, ine nkumati eya, injini yatentha.

Patapita miyezi ndinapatsidwa masiku atatu opuma, ndinati thupili nalo lipume, Loweruka sindinamwe kanthu. Lamlungu kukucha, mayo ine! Mutu kumenya ngati muli munthu akukhoma misomali kuseri kwa maso, nseru, kuwala kwa pawindo kokha kundibaya. Ndinati basi sitiroko ija yandipeza ndili mwana. Achemwali anga anandikokera kuchipatala ndikubuula.

Adokotala anandiyeza BP, ili bwinobwino, anandiwunika m'maso, nkundiuza ndikweze manja onse, ndimwetulire (kumwetulira mutu ukung'ambika, tangoganizani). Kenako anafunsa, "Achimwene, khofi mumamwa wochuluka bwanji?" Titawerengetsa zinafika pafupifupi 800 mg pa tsiku, pomwe munthu wamkulu wabwinobwino amati asapitirire 400. "Nanga mwamwa komaliza liti?" Ndinati Lachisanu usiku. Anangoseka.

Zimene anandifotokozera zinali zosemphana ndi zomwe ndimkaganiza. Mu ubongo muli kanthu kotchedwa adenosine, kamachuluka ukakhala maso nthawi yaitali ndipo ndi kamene kamabweretsa tulo, komanso kamamasula mitsempha ya magazi ya m'mutu kuti itakasuke. Caffeine amakakhala pamalo pomwe adenosine amayenera kugwira, nde tulo sulimva, koma mitsempha ija imafinyika, moti ukamwa 250 mg magazi opita ku ubongo amatsika ndi 20 mpaka 30 peresenti. Eti miyezi yonseyi ine ndimkafinya payipi nkumati ndikutsegula mpopi! Chimene chinandiwopsa nchakuti ubongo ndi 2 peresenti chabe ya kulemera kwa thupi koma umadya 20 peresenti ya okosijeni, koma iwo anati kwa munthu wathanzi sizifika pouvulaza, umangokoka okosijeni wambiri m'magazi ochepawo. Vuto ndi loti thupi limazolowera, ukasiya mwadzidzidzi adenosine amapeza malo onse ali pululu, mitsempha nkutakasuka kamodzinkamodzi, magazi nkukhamukira m'mutu. Mutuwo umayamba pakatha maola 12 mpaka 24, umafika pachimake tsiku lachiwiri, ena umawasautsa mpaka masiku 9. Nchifukwa chakenso mapilisi ena a mutu amaikamo caffeine.

Ndinaulula kuti mnzanga wina wa pa shifiti amkandinyengerera ndiyese modafinil, akuti ameneyo ndiye katundu weniweni. Apa nkhope ya adokotala inasintha. Anati mankhwala amenewo anapangidwa ku France, ku America anawaloleza mu 1998, ndipo ndi a anthu odwala narcolepsy, matenda ongogwa tulo paliponse ngakhale pakati pocheza. Sadzera kwa adenosine, amachititsa kuti dopamine, kanthu kena konyamula mauthenga mu ubongo, akhalitse pakati pa maselo a ubongo. Koma amakhalitsa m'thupi, theka lake lokha kuti lichoke pamafunika maola 12 mpaka 15 pomwe caffeine ndi maola 5, amatha kukweza BP, ena amatuluka zidzolo zoopsa, komanso amafooketsa mapilisi olera. Mnzanga uja zonsezi sananditchulire nkamodzi komwe.

Mankhwala amene ndinapatsidwa tsikulo musaseke: theka la kapu ya khofi. Ola lisanathe mutu unali zii, achemwali nkumandiyang'ana ngati ndawanamiza. Adokotala anandiuza ndizitsitsa khofi pang'onopang'ono kwa milungu iwiri, mapilisi a caffeine aja ndisiyiretu.

Lachiwiri ndinabwerera ku shifiti ndi makapu atatu okha m'thupi, ndipo cha m'ma 3 usiku bwana anandipeza mutu uli pa desiki, malovu ali pa fayilo ya kasitomala. Zimene zinachitika mu ofesi mwawo kutacha ndikuuzani gawo 10.