Momwe ndinagulira matumba anga awiri a AIP

Dzina langa linatuluka pa mndandanda wa AIP, pulogalamu ya boma yogulitsa feteleza ndi mbewu motchipa kwa alimi, mu 2023. Alangizi anabwera pabwalo la amfumu kwathu ku Dedza mvula isanayambe, n'kumaitana mayina mmodzimmodzi. Langa litamveka anandiuza kuti ndionetse chiphaso cha unzika, afananize nambala ndi imene inali papepala lawo. Mayi wina amene ndinakhala naye pamphasa, dzina lake linalembedwa mosiyana ndi la pachiphaso, ndipo anayenda maulendo angapo kwa alangizi asanakonzeredwe.

Nthawi ya FISP, pulogalamu ya feteleza wotchipa imene a Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005, mayi anga ankalandira makuponi a pepala n'kuwamanga pansonga ya chitenje. AIP itabwera mu 2020, chiphaso chija ndicho chinasanduka kuponi. Chaka chimenecho thumba la makilogalamu 50 linali K4,495, chaka chotsatira K7,500, ine ndinapeza lili pa K15,000. Matumba anali awiri, NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa, kotero pankafunika K30,000, osawerengera ya mbewu ndi ya kabaza. Ndinagulitsa mtedza ndi nkhuku zitatu kuti ikwane.

Ndalamayo muisonkhanitse msanga, chifukwa mavenda amadziwa amene alibe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wa m'masitolo anakwera koopsa, ndipo anyamata anayamba kuyenda m'midzi madzulo. Wina anafika pakhomo panga. "Mayi, tibwerekeni chiphasocho, ife tikuonani." Ndinamuuza kuti chiphaso chili ndi bambo a kunyumba, ngakhale chinali pansi pa mphasa. Anzanga amene anapereka anadya nyama masiku awiri, m'munda mwawo chimanga chinachita chikasu.

Kudepoti ndinafika tambala woyamba atangolira, koma ndinapeza anthu ena atagona pomwepo, miyala ndi matumba opanda kanthu zitawasungira malo pamzere. Kalaliki ankaika chiphaso pa foni, dzina likaoneka munkalipira, n'kulandira risiti. Zophweka pozinena. Cha m'ma 10 koloko netiweki inathawa, tinakhala padzuwa mpaka kutseka. Mawa lake ndinatenga mbatata yophika ndi botolo la thobwa, chifukwa kuchoka pamzere n'kutaya malo.

Tsiku lachiwirilo foni inandizindikira, koma Urea yekha ndiye analipo. Apa ndinaganiza kwambiri. Ena ankati tidikire onse abwere pamodzi, ine ndinati walira mvula walira matope, ndinatenga amene analipo. Musanachoke, funsani kalaliki atsimikize kuti wachotsa thumba limodzi lokha, ndipo risiti mulisunge pouma. Thumbalo mulitembenuze, muone ngati silinasokedwenso kukamwa kapena kuuma ngati mwala.

NPK anafika patapita sabata ziwiri, chimanga changa chili ndi masamba atatu. Alangizi amati wokulitsa athiridwe pobzala kapena chikangomera, choncho ndinali nditachedwako pang'ono. Wakabaza ananditengera thumbalo mpaka pakhomo, ndipo madzulo omwewo ine ndi mwana wanga wamkulu tinalowa m'munda, iye akubaya maenje ndi kamtengo, ine ndikuthira ndi kachitsekero ka botolo.