Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Amuna awiri opanda nkhope pakhoma la agogo

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku London. Miyezi yoyambirirayo mutu wanga unkangodzaza mafunso. Bwanji sinki imodzi ikhale ndi mipopi iwiri, wina wa madzi owotcha, wina wa madzi ozizira ngati a mumtsinje wa Likhubula mu Juni? Bwanji munthu akupatse moni uku akupitirira, iwe utangotsegula pakamwa kuti umuyankhe bwinobwino? Mu Disembala dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane, thupi n'kumandiuza kuti ndikaphike nsima ndigone, pomwe ntchito ikadalipo.

Koma chomwe chinandisowetsa tulo ndi agogo ena aamuna omwe ndinkawasamalira m'mawa uliwonse. Anali ndi matenda oiwalaiwala. Ndikafika ndinkawapeza atavala kale nsapato, nthawi zina zosemphana, akufunafuna makiyi kuti apite kuntchito yomwe anapuma kalekale. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumunamiza. Ndiye ndinkagwada pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti, “Agogo, ntchito ija munapuma, khalani pansi.” Ankandiyang'ana ngati ndawalanda chinthu m'manja. Tsiku lina analira misozi, ine n'kupita kukalirira kubafa.

Pamwamba pa bedi lawo panali chithunzi chosindikizidwa, cha mtundu wa dothi lokhalokha. Munthu wamtali, wowonda ngati nsungwi, ali pakavalo wa mafupa okhaokha, mkondo uli chilili. Pambali pake wina wonenepa ali pabulu, thupi lonse likuoneka kulema. Onse awiri nkhope zawo sizinkaoneka. Ndinkaganiza kuti ndi fumbi, moti ndinapukutapo galasilo kawiri.

Mwana wawo wamkazi ndi amene anandimasulira. Anati amunawo achokera m'buku la Miguel de Cervantes wa ku Spain, lotchedwa Don Quixote, lomwe gawo loyamba linatuluka mu 1605, lachiwiri mu 1615. Wowondayo ndi bambo wa ku La Mancha yemwe anawerenga nthano za ankhondo akale okwera pamakavalo mpaka mutu unasokonekera, n'kunyamuka kuti akawongole dziko. Ataona zigayo zoyendera mphepo anati ndi ziphona. Wapabuluyo ndi Sancho Panza, mlimi wamba. Iye anamuuza bwana wakeyo poyera kuti zimenezo ndi zigayo, koma sanamusiye. Bwanayo atagwetsedwa pansi pamodzi ndi kavalo wake, Sancho ndiye anathamangira kukamudzutsa.

Anapenta chithunzicho ndi Honoré Daumier wa ku France, munthu yemwe mu 1832 anamutsekera m'ndende miyezi 6 chifukwa chojambula chithunzi chonyoza mfumu Louis-Philippe. Amuna awiriwa anawajambula mobwerezabwereza, ndipo pofika ukalamba maso ake anali atafooka kwambiri. Anamwalira mu 1879.

Nditamva kuti chithunzi chenichenicho chili ku Courtauld Gallery, malo oonetserako zithunzi zopentedwa omwe ali m'nyumba ya Somerset House pafupi ndi mtsinje wa Thames, ndinapitako tsiku lomwe ndinali pa ofu. Aka kanali koyamba kulowa malo otere. Ndinaima pafupi ndithu, mpaka kumaona mizere ya burashi, mwina utoto wokhuthala, mwina wongopakidwa pang'ono ngati mwini wake anatuluka kaye panja ndipo abweranso. Anthu ambiri maso awo anali pa wamkondoyo. Anga anakakamira pa wapabulu. Ndinamudziwa munthu ameneyu. Watopa, akudziwa kuti kutsogoloko kulibe chiphona chilichonse, koma bulu wake akuponda m'njira yomweyo. Ndinakumbuka mayi anga momwe ankaperekezera agogo anga aakazi kudimba lomwe linali litakokoloka kale ndi madzi, khasu lili paphewa, osatsutsana nawo n'komwe.

M'mawa wotsatira ndinawapeza agogo aja atavala nsapato. Ndinawasinthira kuti iliyonse ikhale kuphazi lake, n'kuwaveka jekete ndi chipewa.

“Tiyeni agogo, ndikuperekezeni.”

Tinayenda pang'onopang'ono, dzanja lawo lili m'khwapa mwanga, mpaka pamalo okwerera basi. Basi yoyamba inabwera, inaima, inapita. Yachiwiri chimodzimodzi. Kenaka anandigwira pamkono n'kundifunsa ngati ndamwa kale tiyi, poti kunja kwazizira ndipo ine sindinavale zokwanira.