Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kuphiri Kopanda Chingwe cha Nkhuni

Ulendo watha ndinalekezera pamene ndinafika ku Edinburgh, likulu la Scotland, mu Seputembala, chikwama chimodzi kumanja, ufa umene amayi anandikakamiza kunyamula uli pansi pa zovala. Lero ndikufotokozereni za Disembala woyamba, mwezi umene ndinatsala pang'ono kulongedza n'kubwerera ku Dedza, PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku imene ndinapitira, ili m'malere.

Musaganize kuti chinandigonjetsa ndi chisanu. Mwana wokulira ku Dedza amaidziwa Juni, amayidziwa nkhungu ija yophimba msewu wa M1 mpaka madalaivala kuyatsa nyali masana. Chinandipweteka ndi mdima. Dzuwa linkatuluka 8 koloko itadutsa kalekale, 4 koloko isanakwane lalowa. Ndinkalowa mu laibulale kuli bii, kutulukamo kuli bii. Ndiye PhD si sukulu tinaizolowera ija. Palibe belu, palibe kalasi, aphunzitsi ondiyang'anira ndinkaonana nawo patapita masabata. Tsiku linkatha osatsegula pakamwa, popeza ngakhale kusitolo unkalipira pa makina. Tulo tinathawa, msana unayamba kudandaula, ndipo ndinkawerenga tsamba limodzi kanayi osatolapo kanthu.

Anandikoka ndi mtsikana wa ku Ghana amene tinkakhala ofesi imodzi. Akuti Loweruka tikakwere phiri. Atandilozera phirilo, lotchedwa Arthur's Seat, lomwe lili mkati mwa mzinda momwemo, ndinaseka mpaka misozi. Mamita 251 basi! Phiri la Dedza ndi mamita 2,198. Ngakhale pa boma penipenipo tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, ndi mamita 1,345. Ndinamuuza mnzangayo kuti agogo anga akamasenda kachewere pakhonde amakhala ali pamwamba kuposa mzungu aliyense wa dzikolo. Koma kachulu kameneko kanandiphunzitsa ulemu. Mphepo ya pamwamba inkafuna kundinyamula, ndipo potsika nsapato zanga zopitira kutchalitchi zinandipereka, ndinakhala pansi m'matope anthu akuona.

Usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato, koyamba m'masabata ambiri.

Lamulungu ndinaimbira amayi pa WhatsApp. "Kuphiriko unakatengako chiyani, mwananga?" Ndinati palibe amayi, kungoyenda. Anakhala kaye chete. "Kungoyenda? Ndalama ya basi yakuthera?" Sindingawanene, chifukwa inenso ndinakula ndikudziwa kuti kuyenda pansi ndi ntchito. Kuphiri tinkapita ndi chingwe ndi nkhata kukatola nkhuni, kapena dzinja kukafuna bowa. Kuchigayo wapansi, kudimba wapansi. Munthu wophunzira amayenera kukwera galimoto kuti anthu aone kuti sukulu yapindula. Zoti wina avale jekete yodula n'kukavutika pachitunda popanda chobwera nacho, kwa ife zinali za anthu okhuta.

Komabe Loweruka lotsatira ndinapitanso. Kenako ndinalowa parkrun, kuthamanga makilomita 5 kwaulere Loweruka lililonse, ku Scotland amayamba 9:30 m'mawa. Umangolembetsa pa intaneti. Tsiku loyamba anandipitirira agogo a imvi mbuu, ena akukankha ana pa tingolo, ine wefuwefu kumbuyo. Palibe anandiseka. Womaliza amamuombera m'manja chimodzimodzi woyamba.

Kumene ndinapeza anzanga enieni ndi pagulu la oyenda m'mapiri a Pentland, omwe umakafikako pa basi ya mumzinda. Ambiri anali opuma pantchito. Ku Scotland kuli lamulo la mu 2003 lolola munthu kudutsa pafupifupi paliponse, ngakhale pamalo a eni ake, bola usaononge mbewu, usaopseze nkhosa, ndipo chipata uchisiye momwe wachipezera. Chinandidabwitsa ndi ichi: anthu omwewo amene m'basi amayang'ana pawindo ngati mwayambana, mukakumana kuphiri amakupatsa moni. Ndipo poyenda moyandikana, maso ali kunjira, nkhani zimatuluka zokha. Mayi wina wachikulire atamva kuti ndine wa ku Malawi anandifunsa ngati ndikudziwa kuti Blantyre woyamba, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ali kufupi ndi mzinda wa Glasgow. Ndinati ndikudziwa, koma wathu ndiye wamkulu. Sabata yotsatira anandibweretsera majombo a mwana wake wamkazi. Krisimasi yachiwiri ndinadyera kwawo, ine n'kuwaphikira nsima ndi ufa uja wotsala, iwo n'kumalimbana nayo ndi foloko.

Mutu wachitatu wa kafukufuku wanga, umene unandizunza miyezi yambiri, unamasuka ndili pachitunda, ndilibe cholembera. Ndinaulankhula mufoni mphepo ikuwomba, moti pomvetsera madzulo theka la mawu silinkamveka.

M'chilimwe chawo tinakwera Ben Lomond, mamita 974. Kumeneko mapiri opitirira mamita 914 amawatcha ma Munro, alipo 282, ndipo kuli anthu amene moyo wawo wonse amangowerenga kuti akwera angati. Ine ndinalekera pa anayi. Tizilombo tawo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, timaluma ngati tatumidwa.

Loweruka lapitali ndinakwera phiri lathu lino la Dedza ndi mwana wa achemwali anga, majombo omwe aja kumapazi. Tinakumana ndi amayi atatu akutsika, mitolo pamutu. Titapatsana moni mmodzi anafunsa, "Mwataya chiyani kumtundaku, amayi?" Ndinangoti tikuongola miyendo, iwo n'kuyang'anizana. M'thumba mwanga munali chingwe. Amayi anandipatsira pochoka pakhomo, akuti popeza ndaumirira kupita, ndisabwere chimanjamanja.

Gawo lotsatira ndidzakamba za tsiku limene laputopu inafa kutatsala masabata atatu kuti ndipereke ntchito.