Mawu ochokera ku C: amasule memory ndani?

Pulogalamu yolembera matumba a mpunga yomwe ndikukonzera gulu la alimi ku Nkhotakota ndi ya chilankhulo cha C#, koma imaitana mwachindunji SQLite, pulogalamu yosungira deta, ndipo SQLite inalembedwa m'chilankhulo china, cha C. Manambala amawoloka bwinobwino. Mawu ndiye amafuna kusamala, chifukwa garbage collector ya .NET (gawo lomwe limamasula lokha memory yosafunikanso m'mapulogalamu a C#) imangosesa memory yake yokha, ya ku C siyiidziwa n'komwe.

Ndisanalembe DllImport iliyonse (mzere wouza C# mmene ingaitanire function ya C), ndimayamba ndafufuza mwini wake wa memory yomwe ikubwerayo. Mu SQLite yankho limasiyanasiyana. Mawu a sqlite3_errmsg, ofotokoza chomwe chalakwika, ndi a SQLite, ongobwereka: umawerenga, n'kuwasiya. A sqlite3_expanded_sql, osonyeza lamulo lonse lomwe watumiza ku SQLite, amakupatsiratu, ndipo ukamaliza uyenera kuwabweza kudzera pa sqlite3_free, osati njira ina iliyonse. Khasu la eni umalibweza kunyumba komwe unalitenga.

Apa ndi pomwe pali msampha. Ukalemba kuti function ikubweza string, marshaller (gawo la .NET lowolotsa zinthu pakati pa C# ndi C) imakopera mawuwo kenako n'kumasula yokha memory ija, pa Windows ndi CoTaskMemFree, pa Linux ndi free. Sifunsa ngati ndi yako. Pulogalamu itha kugwa pomwepo, kapena n'kuyenda tsiku lonse n'kudzagwa madzulo, mlimi ali pa sikelo akudikira risiti. Ndiye ine string sindiilola pamenepo. Ndimalandira IntPtr, yomwe ndi adiresi chabe ya memory, ndimakopera ndi Marshal.PtrToStringUTF8, ndipo ngati memory ndi yoti ibwezedwe, sqlite3_free ndimaiika mu finally, gawo lomwe limagwira ntchito ngakhale zina zitalephereka.

Potumiza mawu ku C, marshaller imapanga kope yomwe imatha function ikangobwerera. Nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira. Koma sqlite3_bind_text, yolowetsa mawu mu lamulo la SQLite, imatha kusunga pointer (adiresi ya mawuwo) mpaka nthawi ya sqlite3_step, pomwe lamulolo limachitika. Pali njira ziwiri: kuipatsa SQLITE_TRANSIENT, yomwe ndi -1, kuti idzikopere yokha, kapena kupanga memory ndi Marshal.StringToCoTaskMemUTF8 n'kudzaimasula ndi FreeCoTaskMem pambuyo pake. Ine ndimasankha yoyamba. Dzina la mlimi ndi ma byte ochepa, kulikopera kawiri sikungachedwetse laputopu ngakhale yakale.

Chotsala ndi kuyeza kutalika kwa mawu. .NET imasunga mawu mu UTF-16, pomwe sqlite3_bind_text imafuna UTF-8 (ziwirizi ndi njira zosiyana zosandutsira zilembo kukhala ma byte) ndipo imawerenga ma byte, osati zilembo. Mu UTF-8 chilembo cha ŵ chimatenga ma byte 2, choncho ukapereka Length, yomwe imachiwerenga ngati chimodzi, pa dzina lokhala nacho, chilembo chomaliza chimaduka. Ndimagwiritsa ntchito Encoding.UTF8.GetByteCount, ndipo poyesa ndimalowetsa dala mayina okhala ndi ŵ n'kuona ngati atuluka athunthu pa risiti.