Sabata ya matope potsukira njinga zamoto ku Chipata

Mvula yoyamba ikagwa, fumbi lofiira la m'misewu ya ku Mchini ndi ku Nabvutika limasanduka matope omata, ndipo pamalo pathu potsukira, kufupi ndi msika wa Kapata, njinga zamoto zimandandana kuyambira m'mawa. Sabata ino zambiri zinali za anyamata amene angoyamba kumene kunyamula anthu.

Lolemba wina anafika ndi njinga yatsopano ya mtundu wa Boxer, injini ili moto. "Abambo, ingothirani madzi, makasitomala akundidikira." Tinamuuza kuti, "Mphwanga, zimitsa ukhale pansi kaye." Injini imafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti izizire. Madzi ozizira pachitsulo chotentha amasiya mawanga pa ekizosi, ndipo chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka. Podikirapo timaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kuzula kiyi, n'kumanga kapulasitiki kukamwa kwa ekizosi ndi mphira.

Timagwiritsa ntchito ndowa ziwiri za malita 10, ina ya sopo, ina yotsukuluzira siponji. Choyamba ndi madzi okhaokha kuti matope afewe, chifukwa muli mchenga, ndipo ukawapukuta ali ouma thanki imakalika mizeremizere. Timayambira pamwamba kutsikira pansi, mawilo ndi masipoko pomaliza, ndi chisanza chawochawo. Sopo wa ufa wochapira zovala ayi: amazilalitsa penti ndi kuumitsa mphira. Sopo wamadzi wotsukira galimoto, tizivindikiro tiwiri mu ndowa, wakwana.

Lachitatu inabwera njinga yochita kukankha. Mwini wake anakaitsukitsa kwina ndi makina opopera mwamphamvu, ndipo inakaniratu kulira. Madzi anali mu kapu ya pulagi ndi mu bokosi la fyuluta ya mpweya. Tinaumitsa zonsezo, n'kumasula kasikulu kapansi pa kabureta kuti petulo wosakanikirana ndi madzi atuluke, ndipo inalira. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ma bearing a mawilo, timipira tachitsulo timene wilo limazungulirapo: madzi amphamvu amakankha girisi m'kati, ndipo vutolo limadzamveka patapita masabata wilo litayamba kukukuta.

Lachinayi ndi Lachisanu zinathera pa matcheni, ndipo apa ndi pamene okwera atsopano amataya ndalama zambiri. Ambiri amaganiza kuti poti tcheni ili m'chikuto ndiye kuti ili bwino, koma titatsegula chikuto cha njinga ina yoyenda njira ya ku Chadiza tinapeza matope osakanikirana ndi oilo wakale atauma gwa, mano a sprocket, kagudumu kamene tcheni imakolapo, atayamba kupindika ngati mbedza. Timatsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, osati petulo, chifukwa petulo amawononga timphira ta matcheni amene ali nato. Injini ikhale yozimitsa, wilo ulizungulitse ndi dzanja. Kupukuta tcheni injini ikulira, giya ili m'kati, kumadula zala, ndipo pamalo pathu sitilola ngakhale pang'ono. Ikauma timadontheza oilo wa giya wa nambala 90 m'kati mwa tcheni, n'kupukuta wotsala kuti asakoke fumbi. Oilo wotsitsidwa mu injini ali ndi tizitsulo, amangodya tcheni. Tcheni izisewera mamilimita 25 mpaka 30 pakati pake. Ikathina kwambiri imapweteka bearing ya ku giya. Nyengo ino ndi bwino kuionanso pa makilomita 500 aliwonse, kapena ikangoviikidwa m'matope.

Loweruka zinali za oyenda msewu wa ku Mwami. Injini zimenezi zimazizira ndi mphepo, choncho matope amene amatsekera pakati pa zipsepse zake timawatokosa ndi burashi mpaka atheretu. Polishi pampando, pa matayala ndi pa mabuleki sitipaka, amaterera. Tisanapereke kiyi timachotsa pulasitiki ija, n'kuliza injini mphindi 5 kuti madzi obisala aume, kenako mwini wake ayende pang'onopang'ono akugwiragwira mabuleki onse awiri, chifukwa mabuleki a dramu akanyowa sagwira msanga.