Tsiku lomaliza kunja, musanakwere ndege yobwerera kwathu

Abale a ku Chikwawa ndi Nsanje amene muli kutchuthi kunja, tsiku lomaliza si lozungulira m'masitolo. Yezani chikwama chilichonse usiku womwewo. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, koma onani pa tikiti yanu, chifukwa katundu wopyola amalipiritsa ndalama zambiri. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja. M'chikwama chachikulu amaikana poopa kuti batire ingayake moto. Mafuta odzola ndi perefyumu opitirira mamililita 100 aikeni m'chachikulu, apo ayi akulandani pachipata.

Fikani pabwalo la ndege kutatsala maola atatu. Malisiti a foni kapena laputopu yatsopano asungeni pamodzi ndi pasipoti, a MRA, otolera misonkho, angawafune mukatera kwathu.

Chimene ambiri amaiwala ndi ulendo wotsika kuchigwa. Mukatera pa Chileka madzulo, gonani ku Blantyre, musatsike mapiri a ku Thabwa usiku mutatopa. Nthawi ya mvula imbani kaye kumudzi, mufunse ngati msewu wa M1 ukudutsika kupyola Nchalo mpaka Bangula. Chokoleti cha ana mchikulunge bwino, kutentha kwathu kuja sichichedwa kusungunuka. Malaya opepuka akhale pamwamba penipeni.